Kompyuta ya Pabolodi

Suti yanga yakuda, ya ukwati ija, ikadali m'kabati mpaka lero, koma sindiivala. Sikuti inandichepa ayi (chabwino, inandichepanso), koma m'misoko ya kolala muli kuyera kwina kumene sopo yense wa mu Chipata muno anakulephera. Akazi anga, amake Dalitso, anachapa, kubulasha, kuyanika, mpaka anagwa ulesi. Alendo akafunsa ndimati ndi nkhungu ya m'kabati. Lero ndatopa kunamizira nkhungu, ndiye khalani bwino ndikuuzeni mmene ndinadzichotsera ulemu pamaso pa dziko lonse ndi chala chimodzi chokha.

Zaka za m'ma 1990 zikupita kumapeto, ndinali mphunzitsi pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi, kunja pang'ono kwa tauni. Ntchito yanga inali kuphunzitsa kaphunzitsidwe: mmene mphunzitsi amaimira pamaso pa ana, mmene amagwirira choko, mmene amakonzera phunziro asanalowe m'kalasi. Atate anga anali mphunzitsi wa ku mishoni, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti munthu wa ulemu amamanga tayi ngakhale Loweruka. Tayi ndinkamangadi. Chimene ndinalephera kumanga ndi pakamwa.

Nthawi imeneyo a ku yunivesite anabwera ndi nzeru yatsopano. Anati makoleji angapo m'zigawo apatsidwe kompyuta imodzi imodzi yolumikiza ku waya wa telefoni, kuti aphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro azitumiza ntchito zawo pa imelo m'malo mokwera basi mpaka ku Lusaka. Amene munayendapo msewu umenewo masiku amenewo mukudziwa mmene munthu ankatsikira mapiri a ku Luangwa, mtima uli m'mwamba, nkhuku ya mnzako ili pamwendo pako. Choncho nkhaniyi inali yaikulu. A Pulinsipolo athu, Bambo Sakala, anasankha ine kuti ndikaphunzire makinawo, chifukwa ndinkadziwa kutayipa ndi zala ziwiri timapepala ta nyimbo za ku tchalitchi. Pa koleji yonse munthu wotero anali katswiri.

Ku Lusaka anatiphunzitsa ndi mayi wina, a Dokotala Hamoonga. Osati dokotala wa jekeseni, koma wa mabuku. Anali wamfupi, wa magalasi, wosaseka, ndipo nsapato zawo zinkamveka go go go iwo asanatulukire pakhomo. Tsiku loyamba lomwe anatiuza mosapita m'mbali: "Makina awa si anu, ndi a ophunzira. Kumapeto kwa temu ndidzayendera koleji iliyonse. Kumene ndidzapeze ophunzira sakuwagwiritsa ntchito, ndidzawanyamula n'kupatsa ena."

Tsoka langa linali mpando. Anandikhazika pafupi ndi Mulenga, mphunzitsi wa ku koleji ina ya ku Kasama, Mbemba weniweni. Ine ndine Mngoni wa kufupi ndi Mtenguleni. Mukudziwa nokha chimene chimachitika Mngoni ndi Mbemba akakhala pa benchi imodzi. Pali chimbuya, chisuweni chathu chija cha mitundu: iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani ndiponso ali ndi zala zazitali, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. Ngakhale pamaliro, wa chimbuya amakuthira ufa kumutu, iwe n'kumaseka, kenako n'kudziwombola ndi kanthu kuti akusiye.

Ndiye a Dokotala ananyamula kachida kakang'ono ka mchira wautali kamene timayendetsera kamuvi pagalasi la kompyuta, n'kutchula dzina lake. Pa Chingelezi dzinalo limatanthauza mbewa. Mulenga sanachedwe. Anandigunyuza ndi chigongono n'kunong'ona, "Mbuya, meza malovu. Imeneyo si ndiwo."

Ine ndingasiye zimenezo zipite? Ndinamuyankha, iye anabweza, ine ndinawonjezera, ndipo tinapitirira choncho chapansipansi mapewa akugwedezeka. Pa nthawi yomweyo a Dokotala anali kufotokoza china chake chokhudza keyala imodzi ya imelo imene anatipangira tonse, ndi zimene zimachitika munthu akadina batani loyankhira. Ndikukumbuka kuti ndinamva mawu oti "onse" chapatali. Ndinagwedeza mutu mwaulemu ngati munthu amene wamvetsa (luso limeneli ndinkaphunzitsanso ophunzira anga kulizindikira mwa ana), n'kubwerera kwa anyani a Mulenga.

Kompyuta itafika ku koleji, tinaiika m'kachipinda koyandikana ndi ofesi ya a Pulinsipolo. Tinaika zitsulo pawindo. Amake Dalitso anapereka chitenje chatsopano choifunditsa kuopa fumbi. Kiyi ndinamumanga pa lamba wanga, ndipo ndikamayenda ankalira pang'ono kuti anthu adziwe amene akubwera. Wolowa m'chipindamo ankavula nsapato, ngakhale kuti wolowayo ndinali ine ndekha. Ikamalumikiza ku telefoni inkalira ngati nkhanga yokodwa mu msampha, ndipo a Pulinsipolo akangonyamula foni ku ofesi kwawo zonse zinkaduka, ine n'kuyambiranso.

Tsopano ndinene zoona: ndinkaiopa. Ndinkaopa kuti wophunzira wina adina polakwika, makina n'kufa, mlandu n'kukhala wanga. Ndinkaopanso kuti wina andifunsa funso pamaso pa anzake, ine n'kusowa chonena. Ndiye ndinachita zimene mphunzitsi aliyense wa ku mishoni amachita akathedwa nzeru. Ndinatenga choko.

Abale, ndinaijambula bwino kompyuta ija. Bolodi lonse la kalasi yanga linadzaza: galasi pamwamba, mabatani a zilembo pansi, batani lililonse m'kabokosi kake, ena ndi choko chofiira, ena chachikasu. Pakona ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUSAFUFUTE. Ophunzira ankabwera mmodzimmodzi kudzadina pabolodi ndi chala, ine n'kumanena zimene zikanaoneka pagalasi. Mbewa yawo inali dasitala, chofufutira bolodi chija. Ankachiyendetsa patebulo, ine n'kumati, "Pang'onopang'ono, kamuvi kathawa." Anthu akuluakulu, ena a ndevu, ena oyamwitsa, kukankha dasitala patebulo nkhope zili zii. Ntchito zawo ankalemba pamanja, n'kundipatsa kuti ndikatayipe ndekha ndi zala zanga ziwiri zija. Mulu wa mapepala unkakula m'kachipinda kaja, ndipo otumizidwa anali ochepa.

Mwa ophunzira anga munali Mai Zulu, mphunzitsi wa zaka zambiri pa sukulu ina ku Chiparamba. Anali ndi ana, munda wa nsawawa, ndi apongozi odwaladwala pakhomo. Analowa maphunzirowa chifukwa chomva kuti ulendo wa ku Lusaka sudzakhalapo, pakuti iwo sakanatha kusiya nyumba. Ankabwera pa njinga, chitenje pamwamba pa diresi, n'kukhala kutsogolo. Mlungu uliwonse ankafunsa mofatsa, "Aphunzitsi, nanga yeniyeniyo tidzaiona liti?"

"Mukaidziwa bwino ya pabolodiyi, amayi," ndinkatero. "Munthu sayamba ndi kuthamanga."

Ankangoti "Chabwino, aphunzitsi," n'kupitiriza kukankha dasitala.

Tsiku lina masana ndinavula nsapato, kuvundukula chitenje, nkhanga n'kulira, ndipo pagalasi panatuluka kalata. Dzina la wolemba linali Mulenga. Ankafunsa mwaulemu ndithu, m'Chingelezi cha ku ofesi, kuti anzake akuchita bwanji kuti ophunzira ambiri agawane kompyuta imodzi. Pansi penipeni anawonjezera kamzere kamodzi: "Moni kwa anzathu a ku Chipata. Tikhulupirira mbewa ikadali moyo."

Ine kuyambira ubwana ndinkadziwa kuti kalata ikafika m'manja mwako ndi yako. Iyi yafika m'chipinda changa, pa makina anga, kiyi ali pa lamba wanga. Ndiye ya ndani? Ndinapinda manja a shati. Ndinalemba m'Chingelezi changa chabwino cha ku mishoni, chija chosasiya malo oti munthu anene kuti sanamve. Ndikumasulirani mmene ndikukumbukira:

"Wokondedwa mdzukulu wa anyani. Mbewa ili bwino, zikomo, tikuinenepetsa. Koma ndamva kuti ku Kasama kompyuta yanu yatsala pang'ono kutha zilembo, chifukwa Mbemba aliyense amene wakhalapo amatuluka ndi batani limodzi m'thumba. Ndamvanso kuti waya wa telefoni munauphika poyesa mchira wa pusi."

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero suti ndikuvala. Koma pakamwa pakatseguka, ngakhale pa zala, sindidziwa kutseka. Ndinapitiriza:

"Za funso lakolo, ine ndinapeza nzeru. Kuno palibe wophunzira amene amaikhudza. Ndinaijambula pabolodi, amaphunzira pomwepo, ndipo mbewa yawo ndi dasitala. Mayi ako aja a nsapato zogogoda ndi Chingelezi chotulukira m'mphuno sangadziwe. Pajatu theka la zimene ananena ku Lusaka sindinamve, ndipo theka linalo linagwera mu Luangwa pobwerera."

Ndinawerenganso, n'kuseka ndekha mpaka misozi. Ndinakonza ngakhale kalembedwe ka mawu ena kuti pasakhale cholakwika. Kenako ndinadina batani loyankhira, n'kufunditsa chitenje, n'kupita kunyumba ndikuimba mluzu.

M'mawa mwake ndinapeza makalata. Ina inachokera ku Mongu, kwa bambo wina amene ndinkangomukumbukira dazi lokha. Anati, "Talandira moni wa ku Chipata. Tikupempha chithunzi cha kompyuta ya pabolodi kuti nafenso tijambule, chifukwa kuno magetsi amavuta." Ina inachokera ku Solwezi, yofunsa ngati dasitala amafuna mafuta. Ina ya ku Livingstone inangoti, "Pepani kwambiri za theka limene linagwera mu mtsinje."

Munthu wanzeru akanazindikira pomwepo. Ine ndinapsa mtima. Ndinati Mbemba uja waba kalata yanga n'kumaigawa dziko lonse, monga mwa khalidwe lawo. Ndinakhala pansi nsapato zili kumapazi (taonani mmene zinthu zinali zitaipira), n'kudinanso batani lomwe lija:

"Iwe wakuba, ukuonetseranji anthu kalata yanga? Chonde, ndakugwira mwendo, isafike kwa mayi wa nsapato uja. Akadziwa atilanda makina."

Sipanapite nthawi, foni inalira ku ofesi ya a Pulinsipolo, ndipo anandiitana kuti ndi yanga, yochokera kutali. Anali Mulenga. Ankalephera kulankhula chifukwa cha kuseka.

"Mbuya," anatero atapezako mpweya, "chotsa manja pa makinawo. Uwaike m'thumba. Ine sindinaonetse munthu. Keyala ija ndi ya tonse. Ukayankha, imapita kwa aliyense amene anali m'kalasi muja."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ndi a Dokotala omwe?"

"Iwo ndiwo oyamba pa mndandanda, mbuya. Anafotokoza tsiku lija iwe uli kalikiliki kunditukwana."

A Pulinsipolo anali pomwepo akusaina mapepala, ndiye ndinangoti, "Zikomo, mupereke moni kunyumba," n'kuika foni mwaulemu.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndikuzinena chifukwa ndayamba kale. Choyamba ndinathamangira m'kachipinda kaja n'kuzula waya wa telefoni kukhoma, poganiza kuti mwina kalata yachiwiri ija ikadali m'njira, isanafike ngakhale pa Katete. Kenako ndinafufuta makalata onse awiri pa kompyuta yathu, n'kupuma pang'ono, ndikuti mwina akafufutika kuno afufutika konse. Mtima sunakhazikike. Ndinakwera njinga mpaka ku positi ofesi m'tauni, tayi ikuuluka paphewa, n'kufunsa bambo wa pawindo ngati pali njira yoimitsira kalata imene yanyamuka kale.

"Munaiponya m'bokosi liti, bambo?" anafunsa.

"Sinapite m'bokosi. Yapita pa waya."

"Telegalamu?"

"Ayi, ya kompyuta."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tayi yanga, n'kunena mokoma mtima kuti dzuwa la masiku ano likuwotcha kwambiri, ndikhale kaye pa benchi. Ndinakhaladi.

Kunyumba ndinafotokozera amake Dalitso zonse, ndikuyembekeza chitonthozo. Anamvetsera akusenda mbatata, osandiyang'ana. Nditamaliza anafunsa, "Atate ake Dalitso, za anyanizo ndamva, n'zanu ndi asuweni anu. Koma mukuti anthu aja, chiyambire temu, akukankha dasitala?"

"Ndi njira yophunzitsira imeneyo."

"Ndiye chitenje changa chatsopano chija chikufunda chinthu chimene palibe akuchigwira? Bwenzi nditavala ine."

Yankho la a Dokotala linafika nditabwezera waya uja. Ndinkayembekeza kalata yaitali ya ukali. Inali mizere iwiri yokha, yopita kwa tonse: "Ndifika ku Chipata Lachinayi. Bolodi musafufute."

Panalibenso kubisa. Ndinapita kwa a Pulinsipolo n'kuulula. Bambo Sakala anali mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinkaopsa. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Ine ndinayesa kudziteteza kuti zambiri zinali chimbuya chabe.

"Hamoonga ndi dzina la kuti, aphunzitsi?" anafunsa.

"La Chitonga, bambo."

"Atonga chimbuya chawo ndi Alozi. Inu ndinu Mlozi?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye kwa iwo si chimbuya, ndi mwano. Mwatukwana mtundu wa anthu pa makina a sukulu, mwanyoza mayi wa eni ake, ndipo mwalemba nokha, ndi dzanja lanu, chifukwa chotilandira kompyuta. Mwawapeputsira ntchito."

Nkhani m'koleji siigona. Pofika Lachitatu aliyense anali ataimva, ndipo ndikamadutsa ena ankagogoda nsapato pansi mwadala. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandilasa ndi Mai Zulu. Anandidikira pakhomo la kalasi, atagwira njinga yawo.

"Aphunzitsi, ndamva kuti aitenga."

"Sizinadziwike, amayi."

"Akaitenga ndiye kuti ntchito tizikapereka ku Lusaka?"

Ndinati mwina.

"Ndiye kuti ine ndalekera pomwepa," anatero, osakwiya, akukonza chitenje. "Apongozi sindingawasiye. Koma ndikanakonda ndikanangoikhudzako kamodzi, ndikawauze ana kusukulu kuti ndinaigwirapo."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. A ku Mongu ndi a ku Solwezi anali atandiseka, koma zimenezo zinali zopepuka. Mayi uyu ankapalasa njinga mtunda wonse uja kudzakankha dasitala chifukwa ine ndinkaopa kufunsidwa funso. Ndinagwira kiyi pa lamba, koma a Pulinsipolo anali atalamula kuti chipindacho chisatsegulidwe mpaka alendo afike.

Lachinayi ndinavala suti yakuda. Ndinati ngati ndikuchotsedwa ntchito, ndichotsedwe ndikuoneka bwino. Ophunzira anadzaza kalasi, ena oti si a kalasi yanga n'komwe anaima m'mawindo. Kenako tinamva pakhonde: go, go, go. Wina kumbuyo anatsamwa ndi kuseka n'kunamizira chifuwa.

A Dokotala analowa, a Pulinsipolo ali pambuyo. Sanandipatse moni. Anaima pamaso pa bolodi n'kuliyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi, manja ali kumbuyo.

"Mwajambula ndinu?"

"Ndine, mayi."

"Zilembo zonse zili m'malo mwake," anatero. "Kusonyeza kuti theka limene munamva lija munamva bwino. Mbewa ili kuti?"

Mai Zulu anadzuka pang'onopang'ono, n'kutenga dasitala patebulo, n'kumupereka ndi manja awiri atapinda mawondo. A Dokotala anamulandira. Anatsegula chikwama n'kutulutsa pepala, ndipo ndinazindikira kuti ndi kalata yanga, yosindikizidwa bwinobwino. Anaiwerenga yonse mokweza. Pa mawu oti "Chingelezi chotulukira m'mphuno" anawatchuladi kudzera m'mphuno, nkhope ili gwa. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga ndikupempha kuti simenti ing'ambike.

Atamaliza anapinda pepala n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mwati Mbemba aliyense amatuluka ndi batani m'thumba?"

"Zinali zocheza, mayi. Ife Angoni ndi Abemba tili ndi mwambo wina umene mwina kwanu kum'mwera..."

"Kwathu kum'mwera?" anandidula. "Anakuuzani ndani kuti kwathu ndi kum'mwera? Hamoonga ndi amuna anga. Ine ndinabadwira ku Chinsali." Anatembenukira kalasi n'kupereka moni wa Chibemba, "Mwapoleni mukwai," ndi mawu oti sanadzere m'mphuno ngakhale pang'ono. Kenako anabwerera kwa ine, ndipo ulemu wonse wa "bambo" unathera pomwepo. "Iwe wodya mbewa iwe. Ndakhala ndikukusungira mlungu wonse."

Ndisanamvetse chimene chikuchitika, anatembenukira bolodi n'kuyamba kufufuta. Anafufuta galasi, anafufuta zilembo, chofiira ndi chachikasu chomwe, mpaka MUSAFUFUTE wanga. Dasitala anakhuta choko cha temu yonse. Ndiye anabwera kwa ine, n'kunyanyamphira pa nsapato zawo zija chifukwa ndine wamtali, n'kuyamba kundiphaphatiza naye kumutu. Pha, pha, pha. Kumapewa, pakolala, pa tayi, kumsana. Anabwerera kubolodi kukatenga china chotsalira m'mphepete, n'kudzamalizira pa nsidze.

Kalasi inaphulika. Amayi anaimba nthungululu, a m'mawindo ankamenya mafelemu. A Pulinsipolo, mkulu wa mpingo uja, anagwira chitseko kuti asagwe. Ine ndinaima chilili, woyera ngati ndagwera mu chigayo, ndipo mwambo sunandilole ngakhale kupukuta kumaso. Ndinayetsemula, utsi wa choko n'kutuluka, anthu n'kuyambiranso.

A Dokotala anakweza dzanja, phokoso n'kutha. Nkhope yawo yosaseka ya ku Lusaka ija inabwerera.

"Za anyani ndi za nsapato zatha, ndabweza," anatero. "Koma za anthu awa si chimbuya. Mwawalakwira. Pobwera ndinauza dalaivala kuti asiye malo kumbuyo kwa galimoto oika makina." Ndinaona Mai Zulu akuyang'ana pansi. "Koma ndaona kuti anthu amene apirira kukankha dasitala temu yonse akuifunadi. Ndiye, mbuya, ukudziwa mwambo. Ndakuthira ufa. Dziwombole."

Ndinayamba kupisa m'thumba la jekete.

"Za m'thumba sindikuzifuna. Ndikufuna icho chikulira pa lambacho."

Ndinamasula kiyi, n'kumupereka ndi manja awiri. Iwo sanamusunge. Anafunsa kuti amene anawapatsa mbewa uja ndani, n'kuika kiyi m'manja mwa Mai Zulu. Anati kuyambira tsiku limenelo kiyi azikhala ndi ophunzira, azisinthana okha, ndipo ine ndizikhala pambali pawo, osati patsogolo. "Akakufunsa chimene sukudziwa, unene kuti sindikudziwa, mundifunse pa imelo. Kulemba umatha, tonse taona."

Tinapita tonse ku kachipinda kaja, ine ndikusiya mapazi oyera pakhonde. Mai Zulu anatsegula, n'kuyamba kuvula nsapato, a Dokotala n'kuwauza kuti avale. Anakhala pa mpando, anapukuta manja pa chitenje, n'kugwira mbewa yeniyeni. Kamuvi katayenda pagalasi anachotsa dzanja msanga n'kuseka, kenako anagwiranso. Ndipo apa ndiloleni ndidzitame pang'ono, pakuti palibenso wina anganditame: zilembo ankazipeza osasakasaka, chifukwa zinali pomwe ndinazijambula. Anatayipa ndi chala chimodzi, nkhanga inalira, ndipo kalata yoyamba ya wophunzira wa ku koleji yathu inapita kwa onse, mwadala. Inati: "Moni nonse kuchokera ku Chipata. Mbewa ikadali moyo. Ndaigwira ndekha."

Maphunziro awo anamaliza osakwera basi ya ku Lusaka, kupatula ulendo wokalandira satifiketi, umene apongozi anawakakamiza okha kuti apite. Mulu wa mapepala uja unatha eni ake atayamba kudzitayipira. Amake Dalitso anatenganso chitenje chawo, n'kusoketsa diresi. Ine mafunso ankandifunsadi, ndipo mawu oti "sindikudziwa" poyamba ankandivuta kutchula, koma ndinawazolowera.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kusunga pakamwa. Ndinaphunzira kuopa batani, basi. Mulenga anali asanalandire yankho lomuyenera pa zonse zimene anandiseka pa foni, ndiye ndinamulembera ndi cholembera, pa pepala, masamba odzaza mbali zonse. Ndinatchulamo anyani, ndinatchulamo mabatani, ndinawonjezeranso kuti mlongo wake wa ku Chinsali, Dokotala uja, anandibera kiyi masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, zimene zikutsimikiza zonse zimene ndinanena. Ndinamata envelopu ndi malovu ndi guluu yemwe, n'kukaiponya ndekha m'bokosi, bambo wa pawindo uja akundiyang'ana mwachifundo. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo, ndikuti iyi yokha iwerengedwa ndi munthu mmodzi.

Mulenga anaitayipa yonse, osasiya ngakhale liwu limodzi, n'kuitumiza kwa onse.